Ku Magomero sukulu inali mlandu

Inu amene mumakwera minibasi pakati pa Limbe ndi Zomba mumapadziwa pa Namadzi. Ena mumatsikapo kukapikula tomato, mbatata kapena nandolo, kenaka ulendo nkupitirira. Koma ndi angati amene mudapatukako chakum'mawa, kukafika ku Magomero m'boma la Chiradzulu? Ine ndati lero tikambeko za dera limeneli, chifukwa nkhani ya sukulu kumeneko idakhetsa mwazi.

Magomero ndi dera la alimi, kumtunda kwa chigwa cha Phalombe, ndipo mtsinje wa Namadzi umadutsa momwemo. M'chaka cha 1861 David Livingstone adafika kumeneko ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA. Panjira, pamudzi wa Mbame, adamasula akapolo 84, ndipo ana a m'gulu limeneli ndiwo adayamba kuphunzitsidwa zilembo pa Magomero. Sizidakhalitse ayi. Nkhondo, kamwazi ndi njala zidavuta, Mackenzie adamwalira mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo chaka chomwecho amishoni adasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa.

Mzungu amene adabwera pambuyo pake sadadze ndi choko, adadza ndi khasu loti ena amlimire. Malo onsewo adasanduka esiteti ya A. L. Bruce, banja la mkamwini wa Livingstone yemwe uja. Tangoganizani, dzina lomwe lidamasula akapolo! Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique adapatsidwa pokhala pa esitetiyo, koma malipiro ake anali thangata: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba, kulima thonje ndipo kenaka fodya. Mwezi wake unali wotanuka ngati legeni, woutha anali kapitawo. Komanso thangata amafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukulira khasu.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yanga. Eni esiteti adakaniza sukulu pamalo awo. Sikuti analibe udzu wofolera kapena mitengo ya phaso. Ankadziwa kuti munthu wodziwa kuwerenga amawerenganso masiku amene wagwira pa tikiti yake, ndipo amafunsa. John Chilembwe, amene adatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, anali pafupi pomwepo. Matchalitchi audzu amene anthu ake ankamanga pa esitetiyo, omwenso ankakhala ngati sukulu, ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu adakwiya nkupha William Jervis Livingstone, manijala wa esitetiyo, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe naye adaphedwa. Ana asukulu mumaloweza masiku amenewa kuti mukhoze mayeso, koma kawirikawiri mumaiwala kuti pakati pa madandaulo a anthuwo panali loti mwana aphunzire.

Boma la atsamunda lidagula malowo pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nkukhazikapo anthu. Amene akufuna zambiri afunefune buku la Landeg White lotchedwa Magomero, la mu 1987, lomwe limaonetsanso kuti kumeneko munda umayenda ndi mbumba ya akazi, mwamuna nkukhala mkamwini.

Lero palibe amene amatentha sukulu. Mu 1994 boma lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa m'dziko muno adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pa Magomero pomwepo pali koleji yophunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi. Koma tinene zoona abale, Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri. Munda umene agogo adalandira wagawidwa kwa ana aakazi, kenaka kwa zidzukulu, mpaka watsala kachigamba kosakwanira kudyetsa banja chaka chathunthu. Chimanga chikatha m'nkhokwe, amene amayamba kujomba kusukulu ndi mwana, kupita kuganyu m'munda mwa wina, nthawi yomweyo ya dzinja imene thangata ankafunika. Kwa ine kusiyana kwake nkochepa. Kale wolamula anali kapitawo, lero ndi njala.

Ndiye inu anzanga a geni, nkhaniyi ikukukhudzani. Nandolo amene mumakagulitsa ku Limbe, wina nkukafika mpaka ku India, amachokera m'timinda timeneti. Sikelo yanu ikadya theka la kilo pa thumba lililonse, kapena mukagwetsa mtengo podziwa kuti mayiyo sangabwerere nawo katundu kumudzi, mwadya kope ndi yunifolomu. Ndipo kamtsikana kakusenzerani dengu Lachitatu m'mawa kaja, kodi mudakafunsapo kuti kali sitandade chani, nanga bwanji sikali m'kalasi?