Chibulumwa cha dzimbiri musamachipale

Anthu olima m'mbali mwa minda ya tiyi kwa Mphuka, m'boma la Thyolo, amadziwa kulira kwa khasu likagunda chitsulo. Nthawi zambiri chimene chimatuluka ndi chibulumwa cha dzimbiri chosadziwika mutu wake, ndipo chimathera kwa ogula zitsulo zakutha. Koma kwa akatswiri ofukula zinthu zakale, chibulumwa chotere chikhoza kusunga mbiri yaikulu.

Maloko akale ndi umboni wake. Pakati pa 1976 ndi 1981, ofukula pa malo otchedwa Coppergate, mumzinda wa York ku England, anapeza maloko ndi makiyi a m'nthawi ya anthu otchedwa Viking, zaka zoposa 1,000 zapitazo. Chitsulo chotere chimatuluka m'nthaka chitakutidwa dzimbiri. Chimene chimaulula zam'kati mwake ndi X-ray, yofanana ndi imene amajambulira fupa lothyoka kuchipatala.

Zithunzizo zimaonetsa luso lodabwitsa. M'kati mwa loko munkalowa kamtengo kachitsulo kokhala ndi timasipuling'i tophwatalala. Kakangolowa, timasipuling'ito tinkatambasuka n'kukodwa, moti kukoka kunali kutaya mphamvu. Kiyi sankaipotokola ngati ya masiku ano; ankailowetsa n'kuikankha kuti ipanikize timasipuling'ito, loko n'kutseguka. Polumikiza zigawo zake, osula ankaika mkuwa m'mphindiro, kukuta zonse ndi dongo, n'kuziponya pamoto mpaka mkuwa utasungunuka.

Kuno kwathu vuto ndi nthaka yomweyi. Tiyi amakonda dothi la asidi komanso mvula yambiri, ndipo ziwirizi n'zimene zimadya chitsulo mofulumira. Loko yopezeka pafupi ndi nyumba zakale za pa esiteti kawirikawiri imakhala ya nthawi ya atsamunda, pamene minda ngati Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, inkatsegulidwa. Koma makolo athu anayamba kusula zitsulo kalekale tiyi asanabwere. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kunali likulu la a Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula zida zachitsulo ndi zamkuwa, mikanda yagalasi komanso zidutswa za mbale zochokera ku China.

Chopweteka n'chakuti chinthu chimene chapirira m'nthaka zaka mazana ambiri chimatha kuonongeka m'miyezi yochepa chikatuluka. Mchere umene unalowerera m'chitsulo ukakumana ndi mpweya wachinyezi, dzimbiri limayambiranso ndipo chitsulo chimang'aluka. Kuchipala ndi mpeni kapena kuchikwecha ndi mchenga ndiye kumaliziratu, chifukwa nthawi zina maonekedwe enieni a chinthucho amakhala atatsalira m'dzimbiri lokhalo.

Mukachitola, chisungeni pouma, musachitsuke, ndipo kumbukirani bwino malo ake, makamaka ngati pali mapale. Lamulo loteteza zinthu zakale, Monuments and Relics Act, limafuna kuti boma lidziwitsidwe. Uzani amfumu, uthenga ufike ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri ku Blantyre.