Ubale wa pasukulu wosatha ndi digiri

M'sukulu zaukachenjede za ku America muli mabungwe a chibale omwe munthu akalowa ndiye kuti walowa moyo wake wonse. Limodzi mwa mabungwewa ndi Alpha Phi Alpha, lomwe anyamata 7 achikuda adayambitsa pa Cornell University mu 1906.

Mu 1911 omaliza maphunziro adatsegula nthambi yawoyawo ku Louisville. Kuchokera apo bungweli lili ndi magulu awiri: anyamata omwe akadali pasukulu ndi akuluakulu omwe ali pantchito. Akuluakuluwa ndiwo amalangiza anyamatawo, kuthandiza ophunzira osowa fizi komanso kuwaunikira kopeza ntchito.

Koma pamene pali abale mkangano sulephera. Nkhani yakula ndi ya kalowedwe. Kale wofuna kulowa ankayamba wavinidwa kwa masabata angapo, nthawi zina ndi zikwapu. Wophunzira wina atamwalira pa Morehouse College mu 1989, atsogoleri a mabungwe a anthu akuda adathetsa mwambowu mu 1990.

Anyamata ena adaona ngati akuluakulu, omwe adavinidwa kale, akuwamana ulemu. Ena amauchitabe mobisa, uku akuderera anzawo omwe adalowa osalawa mkwapulo kapena adalowa atamaliza kale sukulu.

Chonsecho Martin Luther King Jr. adalowa bungweli ku Boston mu 1952 ali kale ndi madigiri awiri. Ndi abale akewa omwe adatsogolera ntchito yomanga chipilala chomukumbukira ku Washington, chomwe chidatsegulidwa mu 2011.