Ngalawa yogwa ndi kudzuka yokha: mmene Swan 65 inapangidwira

Phunziro la Fizikisi lokhudza kulemera ndi kukhazikika kwa zinthu limaoneka ngati la pamayeso pokha, koma pa nyanja yamchere ndi limene limasunga moyo wa amalinyero. Chitsanzo chabwino ndi Swan 65, ngalawa yaikulu ya matanga yomwe inapangidwa kuti banja liziyendera maulendo ataliatali, komanso kuti izitha kulowa mumpikisano.

Mapulani ake anajambulidwa ndi kampani ya Sparkman & Stephens ya ku New York, ndipo kampani ya Nautor ya ku Pietarsaari m'dziko la Finland inayamba kuipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndi yaitali mamita pafupifupi 20 ndipo imalemera matani oposa 30. M'kati mwake muli zipinda zogona, khitchini ndi bafa.

Vuto lalikulu la ngalawa ya matanga ndi lakuti mphepo imakankha pamwamba pomwe madzi agwira pansi. Mphepo ikawomba kuchokera m'mbali, ngalawa imapendekeka komanso imafuna kutsetsereka cham'mbali. Aliyense amene anakwerapo bwato amadziwa kuti munthu mmodzi akangoimirira mosasamala, onse amathera m'madzi. Nanga ngalawa yokhala ndi mlongoti wautali ngati mtengo wa bulugamu itani kuti isagubuduzike?

Yankho lili pansi pa madzi. Kumimba kwa Swan 65 kuli chipsepse chachikulu chotchedwa keel, chomwe chimafika mamita pafupifupi 3 kuchokera pamwamba pa madzi. Ntchito yake yoyamba ndi kuletsa ngalawa kutsetsereka cham'mbali, kotero mphamvu ya mphepo imasanduka yokankhira kutsogolo. N'chifukwa chake ngalawa yotere imatha kulowera chakomwe kukuchokera mphepo, ikuyenda mokhotakhota. Ntchito yachiwiri ndi kulemera. Chipsepsecho ndi cha mtovu, ndipo chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa ngalawa yonse.

Ophunzira akumbukire lamulo lija lakuti mphamvu yotembenuza chinthu imapezeka pochulukitsa mphamvu ndi mtunda. Ngalawa ikapendekera kumanja, mtovu uja umatukukira kumanzere, ndipo ukamatalikira pakati m'pamene umakoka mwamphamvu kuti ngalawa iwongoke. Nthawi yomweyo thanga lopendekeka limataya mphepo ina. Choncho mphamvu yogwetsa ikamachepa, yodzutsa imakhala ikukula.

Zimenezi zinayesedwa mu 1973 pa mpikisano woyamba wa Whitbread wozungulira dziko lonse. Ngalawa 17 zinanyamuka ku Portsmouth m'dziko la Britain, kudzera ku Cape Town, Sydney ndi Rio de Janeiro, n'kubwerera ku Portsmouth mu 1974. Imodzi mwa izo inali Sayula II, Swan 65 ya Ramón Carlín, wamalonda wa ku Mexico amene anatenga ena a m'banja lake pa ulendowo. Pakati pa Cape Town ndi Sydney, funde lalikulu linaigwetsa mpaka milongoti inamira. Ngalawayo inadzuka yokha milongoti ili yosathyoka, ndipo amene anagwera kunja anapulumuka chifukwa anali atadzimangirira ndi zingwe. Sayula II inapambana mpikisanowo nthawi itawerengedwa molingana ndi kukula kwa ngalawa iliyonse. Pa ngalawa zina, amalinyero atatu anatayika m'nyanja.

Mbali zinanso za Swan 65 zikusonyeza kuti ojambula anaika chitetezo patsogolo. Sayula II inali ndi milongoti iwiri, wautali kutsogolo ndi waufupi kumbuyo. Matanga akagawidwa chotero, lililonse limachepa, ndipo anthu ochepa amatha kulitsitsa msanga namondwe akabwera. Chiwongolero chake chinagwiriziridwa ku chipsepse china cholimba kuti chisathyoke msanga chikagunda chinthu. Thupi lake ndi la fibreglass yochindikala. Zonsezi zimawonjezera kulemera, ndipo kulemera kumachepetsa liwiro mphepo ikakhala yochepa.

Ngalawa za mpikisano za masiku ano zinasankha njira ina. Zamtundu wa IMOCA 60, zotalika mamita 18, zimapangidwa ndi carbon fibre ndipo zimalemera matani osafika 10. Chipsepse chake chimasunthira kumbali ndi makina, ndipo zambiri zili ndi mapiko otukula thupi pamwamba pa madzi. Zimathamanga kwambiri, koma m'kati mulibe zipinda zoti banja n'kukhalamo, ndipo phokoso lake ndi kugwedezeka kwake n'zotopetsa. Wojambula sangapeze liwiro, kulimba ndi malo abwino okhala zonse mokwanira. Amayenera kusankha chochepetsa.

Ntchito yotere ndi amana, chifukwa amene akwera amadalira masamu a munthu yemwe sanamuonepo. Makolo amene ana awo amakonda Masamu ndi Fizikisi awalimbikitse, In shaa Allah mwa iwo mudzatuluke mainjiniya okhulupirika. Ofuna kuona lamuloli ndi maso awo atenge botolo lapulasitiki lotseka, abayike kamtengo pamwamba ngati mlongoti, amangirire mwala kumimba kwake ndi waya wolimba, aliike m'beseni la madzi. Alipendeketse, kenako asinthe kutalika kwa wayayo n'kuyesanso.