Ukasiya Mlomo Udzaupeza: Kusamala Pakamwa pa Intaviyu ya Ntchito

Amayi anzanga, ntchito zikalengezedwa kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, kaya ndi za alangizi a zaumoyo, zothandiza m'mawodi pa zipatala za mishoni monga Madisi ndi Mtengowanthenga, kapena za mabungwe a ku Dzaleka, ofunsira amachuluka kuposa malo. Ambiri amakhala ndi satifiketi ya MSCE yofanana ndi yanu kapena ya mwana wanu. Chimene chimasiyanitsa anthu tsono ndi mphindi zochepa zimene mumakhala pa mpando kutsogolo kwa ofunsa mafunso. Pamenepo mawu otuluka mosaganiza angathe kukutayitsani mwayi umene mwaudikira chaka chathunthu. Paja akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Mawu amene amagwetsa anthu

Oyamba ndi onyoza kumene munkagwira ntchito kale. Akakufunsani kuti munasiyiranji, musayambe kufotokoza nkhanza za abwana. Mwina ndi zoona ndithu, koma ofunsawo mumtima amati, "Mawa adzatinena ndife." Komanso dera lathu ndi laling'ono: amene mukumunenayo angakhale mlamu wa wina pa tebulopo. Yankhani mwachidule kuti kontirakiti inatha, kapena kuti mukufuna malo oti muphunzireko zambiri.

Achiwiri ndi oulula chinsinsi. Pofuna kuonetsa kuti muli ndi luso losamalira odwala, mungapezeke mwatchula dzina la munthu, mudzi wake ndi matenda ake. Pa ntchito ya chipatala ichi chokha chikwanira kukulepheretsani, chifukwa wodwala amadalira kuti zake sizituluka. Nenani kuti, "Ndinasamalirapo mayi wina wodwala kwa miyezi itatu," basi.

Achitatu ndi odandaula. Ife tinaleredwa kudzichepetsa, ndiye timafulumira kunena kuti, "Ine bola ntchito iliyonse, ana akuvutika kunyumba." Ofunsawo akhoza kukumverani chisoni, koma sakugawa chithandizo, akufuna munthu woti agwire ntchito. Auzeni zimene mumatha. Ngati mwasungapo ndalama za banki m'khonde popanda kusoweka ngakhale tambala, kapena mwakhala mlezi pa sukulu ya mkombaphala, limenelo ndi luso, ndipo kulitchula si kudzitama.

Achinayi ndi otsamira mayina a akuluakulu: "Bambo Mfumu amandidziwa," kapena "A Gulupu ndi malume anga." Mawu otere amamveka ngati mukuopseza. Wokuchitirani umboni malo ake ndi m'kalata yofunsira ntchito.

Achisanu ndi nthabwala za ndale, mitundu kapena zipembedzo. Mwachitsanzo, kampu ya Dzaleka, imene inatsekulidwa mu 1994, ili ndi anthu ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi maiko ena. Kuwatcha onse "Maburundi," monga timamvera pa msika, kumasonyeza kuti simukuwadziwa kapena kuwalemekeza anthu amene mukufuna kuwatumikira. Nenani kuti anthu othawa kwawo.

Nanga mawu akapulumuka?

Inde, madzi akatayika saoleka, koma kulakwitsa kamodzi si kutha kwa intaviyu. Chimene ofunsa amayang'ana kwambiri ndi chimene mukuchita mutazindikira, popeza pa ntchito paja mudzalakwitsanso tsiku lina. Wothandiza m'wodi amene amabisa cholakwa ndi woopsa kuposa amene amachinena msanga.

Choncho imani kaye, pumani, kenaka konzani nthawi yomweyo: "Pepani, pamenepa sindinayankhule bwino. Chimene ndimafuna kunena ndi chakuti..." Ngati munanyoza abwana akale, onjezani chinthu chimodzi chabwino chimene munaphunzira kumeneko. Ngati munatchula dzina la wodwala, nenani poyera kuti, "Sindimayenera kutchula dzina, chimenecho ndi chinsinsi cha wodwala." Apo mwaonetsa kuti lamulolo mukulidziwa.

Pepesani kamodzi kokha. Kubwereza "pepani" pa yankho lililonse, kugwada, kulira kapena kuseka pobisa manyazi kumangokulitsa kanthu kamene ofunsawo akadaiwala. Musakanenso kuti simunanene, chifukwa ali ndi mapepala ndipo akulemba. Mukakumbukira cholakwa mochedwa, dikirani pamapeto pamene amafunsa ngati muli ndi mawu ena, mukonze ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri.

Ngati funso simunalimve, makamaka la m'Chingerezi, pemphani kuti alibwereze. Kuyankha chimene simunafunsidwe ndiko kumabala mawu ambiri otayika.

Mafunso ena si oyenera

Nthawi zina wolakwa ndi wofunsayo. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa ndi mkazi, chifukwa ali pabanja kapena ayi, kapenanso chifukwa cha udindo wosamalira banja. Lamulo la za HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito. Akakufunsani kuti, "Kodi simutenga pakati posachedwa?" simuyenera kupsa mtima kapena kufotokoza za m'nyumba mwanu. Yankhani mwaulemu kuti, "Za kunyumba ndazikonza, ndipo ntchito ndidzagwira pa nthawi yake." Wina akapempha ndalama kapena thupi lanu kuti akulembeni, kanani ndipo kanenani ku ofesi ya zantchito ya pa boma kapena kupolisi.

Mukatuluka

Intaviyu imayambira pa geti ndipo imathera pa geti. Zimene mukuyankhula pa benchi podikira, kapena mu minibasi ya ku Mponela pobwerera, zingathe kufika musanafike inu. Musapitenso kunyumba kwa wina wa ofunsawo ndi nkhuku kapena thumba la mtedza kukapepesa, chifukwa zimenezo ndi ziphuphu.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe lathu, patulani mphindi makumi awiri. Amayi atatu akhale ofunsa, mmodzi akhale wofunsidwa, ndipo itanani atsikana amene angomaliza Fomu 4. Afunseni kuti, "Tiuzeni za inu," "Munasiyiranji ntchito?" ndi "Tikulembeni chifukwa chiyani?" Akaphonya, musawaseke, auzeni akonze pomwepo mpaka pakamwa pazolowere. Ndi bwino lilime litererere pakati pa amayi ake kusiyana ndi kutsogolo kwa olemba ntchito.