Kagetsi kakayaka, sensa isafere za eni

Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma, koma pa galimoto za masiku ano vuto limayamba layatsa kagetsi kachikasu ka "check engine" pamaso pa dalaivala. Ena amangokamata ndi selotepi kuti kasawasowetse mtendere. Ena amathamangira kugalaja, komwe makaniko amalumikiza kamakina kowerengera matenda a injini, n'kutuluka nambala yakuti P0171.

Apa ndi pomwe ndalama za mabanja ambiri zimayambira kulowa m'madzi.

Nambalayi ikutanthauza chinthu chimodzi chokha: mu injini mukulowa mpweya wambiri kuposa mafuta. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, tikayeza kulemera kwake. Amene amaona kuti muyezowu waphonyeka ndi sensa ya oxygen, yomwe imakhala pa paipi yotulutsa utsi. Ikanena, kompyuta ya galimoto imawonjezera mafuta, ndipo ikawonjezera mpaka kufika polekezera, imayatsa kagetsi kaja. Pa injini za V6 ndi V8 pamabweranso P0174, kusonyeza mbali yachiwiri ya injini.

Tsono sensayi ndi mboni chabe, wakuba ali kwina. Koma poti ndiyo yaulula, ndiyo imayamba kuchotsedwa. Mwini galimoto agula ina, nthawi zina ndi ndalama ya fizi ya ana, pakangopita masiku ochepa kagetsi kayakanso. Inde sensa imafa, koma siyenera kukhala yoyamba kuzengedwa mlandu.

Galimoto zambiri zoyenda m'matauni mwathu zidachoka ku Japan zitagwira kale ntchito, ndipo si zachilendo kupeza yomwe idadutsa makilomita 200,000. Pa msinkhu umenewu mapaipi a labala amauma n'kung'aluka. Mpweya wolowa mu injini umayezedwa ndi sensa ina yotchedwa MAF, yomwe ili pafupi ndi fyuluta ya mpweya. Mng'alu ukakhala pakati pa MAF ndi injini, mpweya umalowera kuseri osawerengedwa, ndipo kompyuta imapereka mafuta operewera. Gasiketi ya manifodi nayo imatopa. Injini ya 1ZZ-FE, yomwe ili mu Toyota Corolla zambiri, imadziwika ndi vutoli, makamaka kukazizira.

Makaniko wodziwa ntchito yake sathera pa nambala. Pa kamakina komweko amayang'ana fuel trim, kutanthauza kuchuluka kwa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera. Injini yabwino imasewera pafupi ndi 0, ndipo ikapitirira 10 peresenti ndiye kuti pali nkhani. Kenaka amaponda mafuta mpaka injini ifike 2,500 rpm galimoto ili chiimire. Nambala ija ikatsika, mpweya ukuba polowera, chifukwa kamng'alu kamavutitsa kwambiri injini ikamalira pang'onopang'ono. Ikamakwera pamene injini ikulimbika, maso apite ku mafuta: pampu yofooka, fyuluta yotsekeka kapena mainjekita akuda.

Kuyeza kumeneku sikudya nthawi, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aone nawo manambalawo asanatulutse kalikonse m'thumba.

MAF yakuda imasonyezanso chimodzimodzi, ndipo kuno kwathu fumbi silisowa. Galimoto yoyenda m'misewu yadothi m'chilimwe, fyuluta ya mpweya ili yobooka kapena yosakhala bwino, kawaya ka m'sensayi kamakutidwa ndi fumbi n'kuyamba kuwerenga mpweya wochepa. Kamatsukidwa ndi mankhwala ake opopera. Musalole munthu akagwire ndi chala kapena kukapukuta ndi nsanza, kamawonongeka msanga.

Za mafuta tisachite kubisa. Petulo akasowa, ambirife tidagulapo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, osadziwa kuti chigubucho chidasungapo chiyani. Zinyalala zake zimakathera mu fyuluta ndi m'mainjekita. Chizolowezi choyenda thanki ili pafupi kuuma nachonso chimatopetsa pampu, poti mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa. Mphamvu ya pampu imayezedwa ndi geji, osati kumvera ndi khutu.

Palinso paipi ya utsi. Ikabooka pakati pa injini ndi sensa ya oxygen, mpweya wakunja umalowa n'kuinamiza sensayo, injini ilibe mlandu.

Kungozimitsa kagetsi ndi kamakina, monga amachitira ena pofuna kugulitsa galimoto, sikuchiza kanthu. Injini yoperewera mafuta imanjenjemera ikaima, imazengereza pokwera chitunda, imaphonya moto, ndipo ikalekereredwa imatha kupsereza mavalavu ndi kuwononga catalytic converter. Pofika pamenepo ndiye kuti injini itsegulidwa, galimoto igona pagalaja, pomwe chidayambitsa mwina ndi kapaipi kalabala kotalika ngati chala.

Vuto likakonzedwa, nambala ifufutidwe, galimoto iyende masiku angapo, kenaka mubwerere kukayezanso fuel trim injini itatentha.