Mukatsalira pobweza ngongole ya nyumba, miyezi itatu isakutherani m'manja

Tikatuluka ku Jumu'ah, pamakhala abale ena amene amatidikira pambali n'kufunsa motsitsa mawu: "Shehe, banki yandilembera kalata, nditani?" Nkhani yake kawirikawiri imakhala imodzi. Munthu anatenga ngongole yomangira kapena kugulira nyumba, anapereka chikalata cha malo ngati chikole, ndipo tsopano padutsa miyezi osabweza.

Zifukwa sitizisowa kuno kunyanja. Usipa ukachepa malonda onse amazizira. Mwana amene amatumiza ndalama kuchokera ku Joni ntchito ikamuthera, nyumba yonse imamva. Mu Novembala 2023 Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza mlingo wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti. Ngongole zambiri za kubanki zimatsatira mlingo umenewu, choncho zobweza pamwezi zinakwera pamene malipiro ali pomwepo.

Lamulo la Registered Land Act likuti mwezi umodzi ukadutsa osalipira, wobwereketsa angathe kukulemberani kalata yochenjeza. Miyezi itatu ikatha chilandirireni kalatayo inu osakonza zinthu, ali ndi mphamvu yogulitsa nyumbayo. Pa ndalama zogulitsazo amachotsapo zimene awononga pogulitsa ndi ngongole yonse. Zotsala ndi zanu. Zikapanda kukwana, nyumba yapita koma ngongole yotsalayo ikadali pakhosi panu.

Miyezi itatu imeneyi ndiyo ambiri amaitaya chifukwa cha manyazi. Kalata amaibisa pansi pa matiresi, foni ya banki sayankha, ngakhale mayi a m'nyumba sawauza, mpaka mayiwo adzamve kwa anthu kuti nyumba yatuluka m'nyuzipepala. Auzeni tsiku lomwelo, pakuti denga limenelo ndi lawonso ndi ana. Kenako pitani kubanki nokha. Pemphani pepala losonyeza ndalama zonse zotsala, ndipo pemphaninso kuti akutalikitsireni nthawi kuti zobweza pamwezi zichepe. Chilichonse mwagwirizana chilembedwe. Lonjezo la pakamwa la wogwira ntchito pakauntala silidzakuteteza tsiku la malonda. Ngati kalatayo simukuimvetsa, onanani ndi loya kapena a Legal Aid Bureau. Ngati mwawerengera n'kuona kuti simungathe, kugulitsa nokha mogwirizana ndi banki nthawi zambiri kumabweretsa mtengo wabwino kuposa okushoni. Koma katapila ayi. Kutseka ngongole ya banki ndi katapila n'kuzimitsa moto ndi palafini.

Ena amati, "Ngongoleyi ndi ya riba, ndi haramu, ndiye sindibweza." Zoona, Surat Al-Baqarah, ayah 275, ikuletsa riba poyera, ndipo amene analowamo alape kwa Allah. Koma kulapa sikufufuta ndalama zimene munalandira ndi manja anu, ndipo kuzemba kumangochulukitsa chiwongoladzanja chomwecho. Njira yotulukira m'riba ndi kumaliza msanga n'kusabwererako. Chikole pachokha sichoipa: ayah 283 ya Surah yomweyo ikuchilola, ndipo Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anamwalira chovala chake chankhondo chili pa chikole kwa Myuda wina chifukwa cha chakudya cha banja lake.

Tilankhulenso ndi ife tomwe timabwereketsana, chifukwa nyumba zina sizilandidwa ndi banki koma ndi m'bale amene timaima naye mzere umodzi pa swala. Ayah 280 ikulamula kuti wangongole amene wapanikizika apatsidwe nthawi mpaka apeze bwino, ndipo kumukhululukira n'kwabwino koposa. Mbali inayo, Mtumiki anatiphunzitsa kuti munthu wopeza bwino akamazengereza kubweza ngongole akuchita chinyengo. Amene akumanga nyumba yachiwiri pamene yoyamba ili pa chikole asabisale kumbuyo kwa ayah imeneyi.

Surat At-Tawbah, ayah 60, ikutchula angongole pakati pa magulu asanu ndi atatu oyenera kulandira Zakaat. Makomiti a m'mizikiti yathu amakumbukira osauka ndi amasiye, koma gulu ili amaliiwala. Ngati mwalandira kalata yochenjeza, bwerani nayo kwa shehe kapena ku komiti ya Zakaat sabata yomweyo, pamodzi ndi pepala la ndalama zotsala, tiwerengere limodzi masiku amene atsala.