Masewera a Zikhomo Khumi: Mpikisano Woyamba wa Akatswiri ku America

Anthu amene anagwirapo nchito pa migodi ya ku Kadoma ndi ku Chegutu, mizinda imene kufikira 1982 inkachedwa Gatooma ndi Hartley, pamodzi ndi a ku Mubaira amene anabwera m'matauni kudzafuna nchito, adziwa masewera aja a Azungu obvala zoyera, ogubuduza mipira yolemera pa kapinga wosalala. Pa masiku a Citaganya, 1953 kufikira 1963, munthu wakuda ankafika pa bwalo lotere kudzathirira kapinga, osati kudzasewera. Tsono ku America kuli mbale wace wa masewerawo, ochedwa tenpin bowling, ndipo mbiri yace iri ndi zambiri zokhudza munthu wolandira malipiro.

M'MENE ASEWERERA

Amene anaseweretsapo nsikwa kumudzi, kuipota kuti ikagwetse zitsononkho za mnzace, sadzabvutika kumva. Masewerawa acitika m'nyumba, pa kanjira ka matabwa kotalika mapazi 60. Kumapeto kwace aimika zikhomo khumi m'mizere inai: cimodzi patsogolo, kenaka ziwiri, zitatu, ndi zinai. Wosewera agubuduza mpira wa mabowo olowetsamo zala, wolemera osaposa mapaundi 16. Ali ndi magawo khumi, ndipo pa gawo liri lonse aloledwa kuponya kawiri. Akagwetsa zonse khumi ndi mpira woyamba, ndiyo "strike". Wocita cimeneci kakhumi ndi kawiri motsatizana apeza 300, ndipo palibe ciwerengero coposa pamenepo.

AMUNA 33

Kufikira 1958 akatswiri a masewerawa ankadalira makampani, makamaka a mowa, amene ankawalemba m'magulu kuti achukitse malonda ao. Caka cimeneco loya wina wa ku Akron, m'cigawo ca Ohio, Bambo Eddie Elias, anawauza kuti akhale ndi bungwe lao-lao, lokonza mipikisano ndi kusunga mphotho. Amuna 33 anabvomera, yense nasonkha madola 50, ndiwo ngati £18 pa ndarama za nthawi imeneyo. Bungwelo analicha Professional Bowlers Association.

Caka ca 1959 ndico coyamba, ndipo mipikisano inangokhala itatu. Woyamba unacitikira ku Albany, m'cigawo ca New York. Anapambana ndi Bambo Lou Campi, mmisiri womanga nyumba wobadwira ku Italy, amene anali atapitirira kale zaka 50. Anzace ankamcha "wa phazi lolakwa", popeza poponya ankatsiriza ndi phazi limene akatswiri ena amati siloyenera. Phazi lolakwalo linamtengera madola 2,500, pafupi-fupi £890.

Mipikisano iwiri yotsalayo, wa ku Paramus ndi wa ku Dayton, anaitenga yonse Bambo Dick Weber, amene kale anali wa nchito ya positi ku Indianapolis.

Awerengi adziwe kuti moyo umenewu sunali wa malipiro a pa mwezi. Wosewera ankalipira yekha ulendo, pogona, ndi ndarama yolowera mpikisano. Akagonja, ankabwerera kwa mkazi ndi ana cimanjamanja. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ndico cifukwa cace ambiri sanasiye nchito zao msanga.

Komabe cinthu cinakula. Mu 1960 mipikisano inafika isanu ndi iwiri, ndipo Bambo Don Carter anatenga ukatswiri wa dziko lonse ku Memphis. Mu 1962 kampani ya ABC inayamba kuonetsa mipikisanoyi pa televizyoni Loweruka masana, ndipo inapitiriza kufikira 1997. Mu 1964 Bambo Carter anapangana ndi kampani yopanga mipira ya Ebonite pa madola 1,000,000, cinthu cimene wamasewera ali yense anali asanacitepo.

ANYAMATA OIMIKA ZIKHOMO

Kuseri kwa mphothozi kunali anchito ena osachulidwa m'nyuzi. Kale zikhomo zikagwa ankaziimikanso ndi anyamata okhala kumapeto kwa kanjira, nabwezanso mpira kwa mwini. Inali nchito ya malipiro ocepa, yofika usiku, ndipo zikhomo zouluka zinkawapweteka miyendo. Kuyambira 1952 kampani ya AMF inayamba kufalitsa makina oimika zikhomo okha. Eni nyumba za masewera anakondwa, popeza makina satopa ndipo sapempha kukweza malipiro. Nyumba zatsopano zinamangidwa zambiri, osewera anacuruka, ndipo ndarama za mphotho zinapezeka. Koma nchito ya anyamata aja inatha. Wogwira nchito pa fakitale ya nsaru kapena pa mgodi aidziwa bwino nkhani yotere.

TSANKHO LA KHUNGU

Nalonso tsankho linalipo. Bungwe lalikuru loyang'anira masewerawa, American Bowling Congress, linali ndi lamulo la 1916 lakuti mamembala akhale amuna oyera okha. Anthu akuda sanakhale manja lende: mu 1939 anayambitsa bungwe lao ku Detroit, locedwa National Negro Bowling Association, nakonza mipikisano yao. Mabungwe a anchito ndi ena odana ndi tsankho analimbana ndi lamulo lija, milandu inafika ku makhoti, ndipo mu 1950 linafafanizidwa.

Koma kufafaniza lamulo pa pepala sikutsegula khomo tsiku lomwelo. Kucokera pa mpikisano wa ku Albany panapita zaka 27 munthu wakuda asanapambane mpikisano waukuru wa bungwe la akatswirili. Woyamba anali Bambo George Branham III, mu 1986. Ndipo mu 1993 anatenganso Tournament of Champions, mpikisano wa okha-okha amene anapambanapo kale.

Kuno kwathu masewera a pa kapinga ndiwo anabweretsa ulemu: mu 1982, pa Commonwealth Games ku Brisbane, amai atatu a Zimbabwe anatenga mendulo ya golide. A zikhomo khumi afuna nyumba, makina ndi magetsi, ndipo cifukwa ca ici akhala a m'mizinda yaikuru.